Mafuta a ambulansi azichokera kuti? Kuyerekeza njira zimene khonsolo ingatsate

Mtengo wogulira ambulansi ndi umene umamveka kwambiri pa wailesi, koma ndalama zambiri zimene galimotoyo imadya zimayamba kutuluka ikafika pa chipatala. Imafuna dizilo tsiku ndi tsiku, matayala amene sachedwa kutha pa misewu yafumbi ndi yamiyala, sevisi pa nthawi yake, inshulansi, madalaivala osinthana usana ndi usiku, komanso namwino kapena mzamba woperekeza wodwala. Gawo lalikulu la ndalama zimenezi limafunika ngakhale pa tsiku limene palibe amene waimba foni, pakuti dalaivala amene wagona pa chipatala kudikirira kuitanidwa ali pa ntchito, ndipo m'thanki muyenera kukhala mafuta ngozi isanachitike. Choncho poyesa njira iliyonse yopezera ndalama za ambulansi, choyamba kufunsa n'chakuti kodi njirayo imalipira kudikirako, kapena imangolipira ulendo umene wachitika kale.

Kuno ku Malawi funsoli limagwera makhonsolo. Kuchokera mu 1998, pamene dziko linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito za umoyo zakhala zikupita pang'onopang'ono m'manja mwa khonsolo, moti ofesi ya za umoyo ya m'boma ndi imene imaonetsetsa kuti mayi amene zamuvuta pobereka pa chipatala chaching'ono wafika ku chipatala cha boma, ndiponso kuti wodwala wofunika madokotala a ukadaulo wapadera wafika ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Kwa boma ngati Nsanje kapena Chitipa, ulendo umodzi wotere ndi wa makilomita oposa 300 kupita ndi kubwera, ndipo maulendo otere sachitika kamodzi kokha pa mwezi.

Kudalira ndalama zochokera ku likulu

Njira imene ikugwira ntchito panopa ndi ya ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene ogwira ntchito m'boma amangozitchula kuti ORT. Ndalamazi zimachokera ku Unduna wa za Chuma, kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za ndalama za makhonsolo, n'kufika ku khonsolo iliyonse. Ubwino wake waukulu ndi chilungamo. Boma losauka, limene misika yake ndi yaing'ono ndipo mulibe makampani, silisiyidwa lokha kuti lidzionere, ndipo wodwala salipira kanthu, mogwirizana ndi mfundo yakuti thandizo m'zipatala za boma ndi laulere. Njirayi imalipiranso kudikira kuja, chifukwa ndalama zimayenera kubwera mwezi ndi mwezi kaya odwala achuluka kapena achepa.

Vuto lake n'lakuti mafuta a ambulansi amatapidwa m'thumba limodzi ndi chakudya cha odwala, mabilu a madzi ndi magetsi, mafuta a jenereta, sopo, zokolopera ndi mapepala. Ndalama zikachedwa kapena zikabwera zoperewera, mkulu wa za umoyo amakakamizika kusankha pakati pa zinthu zimene zonse n'zofunika pa moyo wa wodwala. Kuwonjezera apo, bajeti imalembedwa m'makwacha pamene mtengo wa dizilo, matayala ndi zipangizo za galimoto umatsatira dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene inawerengedwa kumayambiriro kwa chaka inayamba kugula malita ochepa ndi zipangizo zochepa, koma mtunda wochoka pa chipatala chaching'ono kukafika pa boma unali womwewo.

Zimene zimachitika mafuta akasowa n'zodziwika kwa aliyense amene anadikirirapo wodwala kumudzi. Mzamba amaimba foni usiku kunena kuti mayi akutaya magazi, ndipo woyang'anira magalimoto amayankha kuti ambulansi imene ili ndi mafuta yapita kale mbali ina ya boma. Mzambayo amatuluka panja kukauza achibale, ndipo nthawi yomweyo mwamuna ndi apongozi amayamba kugogoda kwa mwini golosale amene ali ndi galimoto, wina n'kuthamangira kukapinyolitsa njinga kuti ndalama ya hayala ikwane. Pa mapepala thandizolo ndi laulere, koma banjalo lalipira, ndipo lalipira pa nthawi imene silingathe kunenerera mtengo.

Njirayi ingathe kukonzedwa popanda kuitaya. Khonsolo ikhoza kupatula ndalama ya mafuta ndi sevisi ya ambulansi tsiku lomwe ORT yafika, kuiika pa makhadi a mafuta olembedwa nambala ya galimoto iliyonse, ndi kuletsa kuti khadi la ambulansi limwetse galimoto ina. Zimenezi sizichulukitsa ndalama, koma zimachititsa kuti ambulansi isakhale yomalizira kuganiziridwa.

Kulipiritsa wodwala

Amene amanena kuti odwala azilipira ulendo wa ambulansi ayenera kuona zimene zikuchitika ku America, kumene njirayi inazika mizu. Kumeneko matauni ndi maboma ang'onoang'ono ambiri amayendetsa ambulansi potumiza bilu kwa wodwala kapena kwa kampani yake ya inshulansi. Medicare, inshulansi ya boma ya anthu okalamba, kwenikweni imalipira ambulansi ikanyamula munthu kupita naye ku chipatala, ndipo silipira maola amene ogwira ntchito akhala akudikirira. M'mizinda ikuluikulu, m'mene maulendo ndi ambiri, masamu ake amatheka. Kumadera a kumidzi, kumene ambulansi ingaitanidwe kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndalama za maulendo sizikwanira kulipira anthu okhala tcheru usana ndi usiku, n'chifukwa chake madera ambiri akhala akudalira anthu ongodzipereka, ndipo anthu otere akamakalamba kapena kusamuka, ntchitoyo imagwa. Wodwala nayenso satetezeka mokwanira: lamulo loletsa mabilu odzidzimutsa a chipatala, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, silinakhudze ambulansi zoyenda pa msewu.

Ngati njirayi ikulephera kumidzi ya dziko lolemera chotero, sindikuona chifukwa choyembekezera kuti ingatheke ku Ntchisi kapena ku Phalombe. Choipa kwambiri n'chakuti mtengo umachedwetsa chiganizo. Banja likadziwa kuti kuitana ambulansi ndi ngongole, limayamba ladikira kuti mwina m'mawa kukacha wodwala apezako bwino, ndipo pa matenda monga kutaya magazi pobereka kapena malungo aakulu a mwana, maola amenewo ndi amene amapha. Pa njira zonse zimene zili m'nkhani ino, iyi ndi imene ndikuikana kotheratu.

Pali kagawo kamodzi kokha kamene kali koyenera. Wodwala amene ali pa inshulansi ya za umoyo monga MASM, kapena amene wasankha yekha kugona ku wodi yolipira, akhoza kulipiritsidwa ulendo wake kudzera ku inshulansiyo kapena pa bilu yake, malinga ngati ndalamayo ibwerera ku thumba la ambulansi. M'maboma ambiri anthu otere ndi ochepa, choncho ndalamayo ingagule matayala angapo koma singayendetse ntchito yonse.

Msonkho wa ambulansi yokha

Madera a ku America amene anatopa ndi kuperewera kwa ndalama za mabilu anatembenukira ku msonkho wapadera. Ku King County, dera limene muli mzinda wa Seattle, anthu akhala akuvomereza pa voti msonkho wa pa nyumba ndi malo wolipirira ntchito ya ambulansi yotchedwa Medic One kuyambira mu 1979, ndipo pakapita zaka zingapo amavotanso ngati msonkhowo upitirire. M'chigawo cha Iowa, lamulo la 2021 linalola maboma ang'onoang'ono kulengeza kuti ambulansi ndi ntchito yosati n'kusowa, ndi kuika msonkho wosaposa masenti 75 pa madola 1,000 alionse a mtengo wa nyumba kapena malo, koma pokhapokha ovota 60 pa 100 alionse atavomera. Ku Queensland, m'dziko la Australia, kuyambira mu 2003 mpaka mu 2011 ndalama ya ambulansi inkatoleredwa pa bilu ya magetsi, kenako boma la chigawocho linathetsa msonkhowo n'kuyamba kulipira ntchitoyo kuchokera m'bajeti yake.

Pa mfundo, njira imeneyi ndi imene imayankha bwino funso la kudikira. Aliyense amasonkha pang'ono asanadwale, ndalamayo ili ndi dzina lake ndipo singakagulidwe zina, komanso anthu amene avota amakhala ndi mphamvu yofunsa kuti ambulansi ili kuti. Chimene chimavuta kuno ndi potapa. Makhonsolo a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali ndi msonkho wa nyumba ndi malo, ngakhale kuti kutolera kwake n'kovuta, koma makhonsolo a m'maboma amadalira kwambiri ziphaso za pa msika ndi malaisensi a bizinesi, ndipo ndalama zimenezi zimayembekezerekanso kulipira ena mwa ogwira ntchito ndi kusamalira misika yomweyo. Kuwonjezera kenakake pa chiphaso cha mayi wogulitsa tomato kuti ambulansi iyende n'kusenzetsa katundu munthu amene watopa kale. Kutolera pa bilu ya magetsi nakonso sikungapite patali, popeza nyumba zambiri za kumidzi zilibe magetsi a ESCOM.

Msonkho umene uli ndi mgwirizano weniweni ndi ntchito ya ambulansi ndi wa pa msewu. Pa mtengo wa mafuta pali kale msonkho wokonzera misewu ndi wina wofikitsa magetsi kumidzi, ndipo pa msewu wa M1 pali zipata zolipiritsa magalimoto pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Pa msewu womwewu, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, boma linayesa ntchito ya ambulansi zothandiza pa ngozi mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, pogwiritsa ntchito nambala yaulere ya 118. N'zomveka kuti kagawo ka ndalama zimene oyendetsa magalimoto amalipira kazithandiza ovulala pa msewu, ndipo zimenezi zingapepukitse maboma monga Dedza, Ntcheu ndi Balaka, amene ambulansi zawo zimasiya amayi oyembekezera kukathamangira ngozi za mabasi ndi mathiraki. Koma chiganizo chotere chili m'manja mwa boma lalikulu ndi Nyumba ya Malamulo; khonsolo ingathe kungochipempha.

Thumba la mgwirizano

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi moyo wathu chikuchokera ku Mali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, dzikolo linakonza njira yotumizira amayi amene zawavuta pobereka kuchoka ku zipatala zazing'ono kupita ku chipatala cha boma, ndipo mtengo wa ulendo unkalipiridwa kuchokera m'thumba limene ankasonkherana atatu: khonsolo ya boma, makhonsolo ang'onoang'ono a m'madera, ndi mabungwe a anthu a m'midzi amene amayendetsa zipatala zazing'ono. Kafukufuku wa m'chigawo cha Kayes anapeza kuti patapita zaka ziwiri njirayi itayamba, chiopsezo cha imfa kwa amayi ofika ndi mavuto aakulu a uchembere chinatsika pafupifupi ndi theka. Sikuti linali thumba lokha limene linachita zimenezi, pakuti nthawi yomweyo anakonzanso kulumikizana pakati pa zipatala ndi thandizo la opaleshoni, koma popanda ndalama ya ulendo zinazo sizikanafikira mayi wa kumudzi.

Kufooka kwa thumbali kunaonekeranso ku Mali komweko. M'madera ambiri osonkha ena ankachedwa kapena kuleka kupereka gawo lawo, thumba n'kuuma, mtengo n'kubwereranso kwa achibale a wodwala. Mgwirizano wa anthu atatu umalimba ngati aliyense akuona kuti anzake akupereka, ndipo umagwa msanga mmodzi akaleka popanda womufunsa.

Kuno tili ndi maziko a njira yotere. Anthu anazolowera kale kusunga ndalama pamodzi mu banki mkhonde, ndipo magulu ambiri ali ndi kathumba ka zadzidzidzi kothandiza pa matenda ndi maliro. Zipatala zazing'ono zilinso ndi makomiti a anthu a m'dera. Khonsolo ikhoza kulonjeza kuti pa kwacha iliyonse imene dera lasonkha la mayendedwe a odwala, nayonso iwonjezerapo ina. Komabe thumba lotere liyenera kukhala la ulendo woyamba wokha, wochoka kumudzi kukafika pa chipatala chaching'ono, ndipo pasapezeke mayi wokanizidwa chifukwa chakuti mudzi wake sunasonkhe. Likangoyamba kugulira mafuta ambulansi ya boma, ndiye kuti anthu a kumudzi ayamba kulipira kachiwiri ntchito imene misonkho yawo inayenera kulipira kale.

Mphatso za aphungu ndi mabungwe

Ambulansi zambiri zimene zikuyenda m'maboma zinabwera ngati mphatso, zina kuchokera ku mayiko ndi mabungwe othandiza, zina kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Palibe chifukwa chokanira galimoto, koma mphatso kawirikawiri imabwera yopanda mafuta, yopanda dalaivala ndiponso yopanda ndalama ya sevisi, moti khonsolo imalandira udindo watsopano bajeti yake ili yomweyo. Ku Ghana boma linagawa ambulansi 307 mu January 2020 pansi pa lonjezo lakuti dera lililonse la phungu likhale ndi yake, koma zinaperekedwa ku bungwe la ambulansi la dziko lonse limene linalipo kale kuyambira mu 2004, lokhala ndi antchito ake ndi bajeti yake. Ambulansi imene ikadali ya phungu mwiniwake imayenda malinga ndi thumba lake ndi zotsatira za chisankho. Khonsolo yanzeru imapempha kuti galimoto yamphatso ilembedwe m'dzina la khonsolo, ikhale ya mtundu umene amakaniko a m'deralo amaudziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka, komanso kuti wopereka alonjeze ndalama yoyendetsera kwa zaka zingapo zoyambirira.

Kuchepetsa mtengo wa ulendo

Njira zonse zapitazi zikufunafuna ndalama zowonjezera. Pali ina imene imayambira ku mbali inayo, pofunsa ngati wodwala aliyense akufunikadi Land Cruiser. M'boma la Mangochi munayesedwa ambulansi za njinga yamoto, zokhala ndi kabedi m'mbali, pa zipatala zitatu zakutali. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti mtengo wogulira njinga yotere unali wotsika ka 19 poyerekeza ndi wa galimoto, ndipo ndalama zoiyendetsera pa chaka zinali zotsika pafupifupi ka 24. Chofunika kuposa mtengo chinali nthawi: popeza njingayo imakhala pa chipatala chaching'ono pomwepo, mayi ankanyamuka nthawi yomweyo m'malo modikira galimoto yochokera pa boma, ndipo zimenezi zinkapulumutsa maola awiri kapena kuposerapo. Njingayi ili ndi malire ake. Wodwala wofunika kumuyang'anira m'njira sangathandizidwe bwino pa kabedi kotero, ndipo m'nyengo ya dzinja, mitsinje ikadzaza ndi misewu ikachita matope, pali malo amene singadutse.

Ku Tanzania anatenga njira ina pa ndondomeko ya m-mama, imene inayambira m'madera a Sengerema ndi Shinyanga ndipo Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaikhazikitsa kuti ifalikire dziko lonse mu 2022. Foni ikaimbidwa pa nambala yaulere, wolandira amayang'ana kaye ngati ambulansi ya boma ilipo. Ngati palibe, amaitana dalaivala wa m'deralo amene analembetsa kale galimoto yake ndipo anaphunzitsidwa kanyamulidwe ka mayi woyembekezera kapena khanda. Mtengo wa ulendo uliwonse unagwirizanidwa kale malinga ndi mtunda, dalaivala amalipidwa pa foni kudzera pa M-Pesa akafikitsa wodwala, ndipo banja silitulutsa kanthu. Nzeru ya njirayi ndi yakuti khonsolo silipira kudikira kwa galimotoyo, chifukwa mwini wake amaiyendetsa pa bizinesi yake masiku onse. Imeneyi ndi galimoto ya mwini golosale yomwe ija, kusiyana kwake n'kwakuti mtengo unakambidwa masana anthu ali phee, ndipo wolipira ndi boma. Chimene chingaphe njirayi ndi kuchedwa kulipira, pakuti dalaivala amene sanalandire ndalama ya ulendo wa mwezi watha sangadzuke pakati pa usiku kachiwiri.

Kupereka ntchito yonse kwa kampani kapena bungwe, monga m'mene zigawo zambiri za India zinachitira ndi nambala ya 108 imene inayambira ku Hyderabad mu 2005, kapena m'mene maboma ena a ku Kenya ankachitira hayala ambulansi za Red Cross, kumachotsa mutu wa sevisi ndi madalaivala pa khonsolo. Koma kontrakiti imafuna kulipira mwezi uliwonse mosadumphitsa, ndipo khonsolo imene ikulephera kugula dizilo pa nthawi yake idzalepheranso kulipira kampani. Chimene chili pafupi ndi ife ndi mapangano amene maofesi a za umoyo ali nawo kale ndi zipatala za mishoni za CHAM kuyambira mu 2006, olola amayi ndi ana kulandira thandizo laulere boma n'kumalipira. Kumene chipatala cha mishoni chili ndi ambulansi, n'kwapafupi kuika maulendo a odwala m'pangano lomwelo kusiyana ndi kutumiza galimoto kuchokera pa boma.

Ndalama zikatha chaka chisanathe

Ndikaika njirazi pamodzi, maziko ayenera kukhalabe ORT yopatulidwa, chifukwa ndi yokhayo imene ingafike m'boma lililonse. Pamwamba pake pabwere njinga zamoto pa zipatala zakutali ndi madalaivala a m'dera olembetsedwa, ndipo thumba la m'midzi ligwire ulendo woyamba wokha. Ngakhale zitatero, padzakhala miyezi imene ndalama sizidzakwana, ndipo khonsolo iyenera kugwirizana pasadakhale za chimene chidzayambe kuima.

Njira imene imatsatidwa kawirikawiri ndi kutenga mafuta pa ngongole ku malo omwetsera magalimoto. Imathandiza kwa sabata zingapo, koma ngongoleyo imadya ORT ya mwezi wotsatira, ndipo mwini malo akatopa amatseka pampu pa tsiku limene palibe amene analikonzekera. Kudumphitsa sevisi n'koipa koposa, chifukwa ndalama ya oyilo ndi mafyuluta imene yapulumutsidwa lero imadzasanduka mtengo wa injini yonse, ndipo umu ndi m'mene magalimoto amathera pa miyala kuseri kwa chipatala.

Zoyenera kuyamba kuima ndi maulendo amene si a wodwala: kunyamula ogwira ntchito kupita ku misonkhano, kukatenga katundu, ndi kutumikira maofesi ena. Nkhani ya kunyamula maliro ndi yovuta, ndipo siyenera kukambidwa mopepuka, pakuti banja losauka limene m'bale wawo wamwalirira ku chipatala cha kutali lilibe pena pogwira. Komabe ambulansi imene yapita kukatula maliro imasowa kwa maola ambiri, choncho ndi bwino khonsolo ipatule galimoto ina yakale kuti izigwira ntchito imeneyi, ndi ndalama yake yapadera, mafumu ndi makhansala atakambirana ndi anthu awo. Odwala opita ku chipatala chachikulu pa tsiku lopatsidwa, amene sali pa ngozi, akhoza kuyenda pamodzi pa masiku oikika a sabata. Kulimbikitsa amayi a kutali ndi amene ali ndi chiopsezo kuti apite msanga ku chidikiro kumachepetsanso maulendo a usiku, koma pokhapokha ngati kuchidikiroko kuli madzi, malo ogona ndi pophikira.

Zonsezi zimafuna kuti makhansala azidziwa zimene zikuchitika. Buku la maulendo la galimoto iliyonse, losonyeza makilomita, malita ndi chifukwa cha ulendo, liyenera kufika pa msonkhano wa komiti ya za umoyo ya khonsolo, pamodzi ndi chiwerengero cha masiku amene ambulansi iliyonse inaima chifukwa chosowa mafuta kapena kuwonongeka, ndi cha odwala amene anaitanira ambulansi koma anayenda pa hayala. Ziwerengero zimenezi ndi zimene khonsolo ingapite nazo ku Unduna wa za Chuma popempha ndalama zowonjezera pa nthawi younikanso bajeti pakati pa chaka.